Mlendo wa miyezi 9: momwe thupi la mayi limasungira mwana, ndi momwe khansa imabera nzeru yomweyo

Thupi la munthu silikonda alendo. Munga ukalasa phazi n'kuthyokera momwemo, malowo amatupa, amatentha, kenaka mafinya amaukankhira kunja. Munthu akapatsidwa magazi a gulu losagwirizana ndi lake, amayamba kunjenjemera nthawi yomweyo ndipo atha kufa. Ngakhale impso yoperekedwa ndi m'bale weniweni, thupi limalimbana nayo, kotero kuti wolandirayo amayenera kumwa mankhwala ofooketsa chitetezo moyo wake wonse.

Nanga mwana wa m'mimba? Theka la chibadwa chake ndi la bambo, munthu amene si magazi amodzi ndi mayiyo. Mwa lamulo la thupi, mwanayu ndi mlendo. Koma mayi amamusunga miyezi 9 yathunthu, ndipo chaka china amadzasunganso mng'ono wake. Akatswiri a zaumoyo akhala akufufuza chinsinsi chimenechi kwa zaka zoposa 70. Zimene apeza zikutithandiza kumvetsa chifukwa chake malungo amavutitsa kwambiri mayi wa mimba yoyamba, chifukwa chake amayi ena magazi amawathamanga akakhala ndi pakati, komanso momwe khansa imakulira m'thupi popanda chitetezo kuiletsa.

Alonda a m'thupi ndi chiphaso chawo

Ambiri a ife tinayamba kumva za asilikali a m'thupi pamene kunabwera matenda a Edzi. Amene amakayezetsa CD4 amadziwa kuti nambala ija ikatsika, matenda ena amalowa mosavuta. Asilikali amenewa ndi maselo oyera a m'magazi. Maselo ndi tizigawo ting'onoting'ono timene timamanga thupi lonse, monga momwe njerwa zimamangira nyumba. Maselo oyera alipo a magulu angapo. Ena amatchedwa maselo a T. Ena ndi maselo a B, amene amapanga zida zotchedwa maantibodi. Enanso amatchedwa NK, ndipo ntchito yawo ndi kupha selo lililonse lokayikitsa.

Ife anthu a m'malire timadziwa za chiphaso. Pa chipata cha Zobwe kapena cha Kalomwe, mlonda amayang'ana pepala kuti adziwe mwini dziko ndi mlendo. M'thupi namonso zili chimodzimodzi. Pafupifupi selo lililonse lili ndi chizindikiro kunja kwake, chotchedwa HLA. Chizindikiro chimenechi munthu amatengera theka kwa mayi ake, theka kwa bambo ake, ndipo n'kovuta kupeza anthu awiri osakhala pachibale amene zizindikiro zawo zikufanana. Selo la T likapeza selo la chiphaso chachilendo, limalipha. Selo la NK limapha selo limene lilibe chiphaso n'komwe. Choncho mlendo alibe pothawira.

Funso la Medawar

Munthu amene anaika funso la mimba poyera ndi Peter Medawar, katswiri wa ku Britain amene anabadwira ku Brazil mu 1915. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, iye ankafufuza njira yothandizira anthu opsa ndi moto. Anaona kuti khungu lotengedwa pa ntchafu ya wodwala yemweyo limamera bwino pa bala, koma khungu la munthu wina limafota n'kugwa pakapita masiku. Akabwereza kuika khungu la munthu yemwe uja, limagwa msanga kuposa poyamba. Apa anazindikira kuti thupi limakumbukira mlendo. N'chifukwa chake impso yoyamba kukhazikika bwino mwa munthu wina, ku Boston mu 1954, inachoka kwa mnyamata kupita kwa mnzake amene anabadwa naye mapasa ofanana.

Mu 1953 Medawar anafunsa kuti, ngati thupi limakana khungu la munthu wina, nanga bwanji silikana mwana? Iye anaganizira zifukwa zitatu: kuti mwina pali mpanda pakati pa mayi ndi mwana, kuti mwina mwana sanayambe kuonetsa chiphaso chake, kapena kuti mwina chitetezo cha mayi chimagona. Medawar analandira mphoto ya Nobel mu 1960 chifukwa cha ntchito yake pa chitetezo cha m'thupi, koma yankho la funso lake la mimba linadza pang'onopang'ono, ndipo mbali yaikulu ya yankholo inapezeka mu nsengwa.

Ntchito ya nsengwa

Kumudzi nsengwa timaiona pamapeto, mwana atabadwa, azamba n'kuisamala mwa mwambo wake. Ambiri timaganiza kuti ndi nyama ya mayi. Zoona zake n'zakuti mbali yaikulu ya nsengwa imamera kuchokera ku dzira lomwe lija linapanga mwana, ndiye kuti nayonso ili ndi theka la chibadwa cha bambo. Pobadwa mwana, nsengwa imalemera pafupifupi theka la kilogalamu.

M'masabata oyambirira a mimba, maselo a nsengwa amalowa m'khoma la chiberekero ngati mizu ya mtengo. Amafika pa timitsempha ta magazi ta mayi n'kutikulitsa, kuti magazi ambiri azifika. Mimba ikakhwima, magazi oposa theka la lita amadutsa m'chiberekero pa mphindi iliyonse. Magazi a mayi ndi a mwana amayenda m'njira zosiyana, ndipo chakudya ndi mpweya zimadutsa pa kakhungu kopyapyala ka nsengwa. Choncho amene amakumana maso ndi maso ndi alonda a mayi ndi nsengwa, ndipo ili ndi njira zingapo zowatontholetsera.

Njira yoyamba ndi ya chiphaso. Maselo a nsengwa amene amalowa m'chiberekero amabisa zizindikiro zikuluzikulu za HLA zimene zikadakwiyitsa maselo a T. M'malo mwake amanyamula chiphaso chapadera chotchedwa HLA-G, chimene akatswiri anachifotokoza bwino mu 1990. Mlonda akachikhudza, amalandira uthenga woti asaphe. M'miyezi itatu yoyamba, maselo oyera 70 mwa 100 alionse a m'khoma la chiberekero amakhala a gulu la NK. Koma NK wa m'chiberekero ndi wofatsa, ndipo amathandiza nsengwa kukulitsa timitsempha tija.

Njira yachiwiri ndi yomana alonda chakudya. Maselo a T amafuna chakudya china chotchedwa tryptophan kuti achulukane. Nsengwa ili ndi puloteni yotchedwa IDO imene imaphwanya chakudya chimenechi. Mu 1998 David Munn ndi Andrew Mellor, ku Georgia m'dziko la America, anapatsa mbewa zabere mankhwala oletsa IDO. Mbewa zimene zinatenga bere kwa mphongo za mtundu wina zinataya ana, pamene zimene mphongo zake zinali za mtundu wofanana nazo zinabereka bwinobwino.

Njira yachitatu ndi ya mabuleki. Selo la T lili ndi buleki yake, monga njinga, yotchedwa PD-1. Nsengwa ili ndi puloteni yotchedwa PD-L1 imene imagwira buleki imeneyi. Mu 2005 akatswiri a ku Boston anaonetsa kuti PD-L1 akatsekedwa mwa mbewa zabere, ana ambiri amafera m'mimba.

Njira yachinayi ndi ya mayi mwini. Pakati pa maselo a T pali kagulu kena kamene ntchito yake ndi kuletsa anzawo ndewu, monga nyakwawa pabwalo la milandu. Amatchedwa Treg. Anawafotokoza mu 1995 ndi Shimon Sakaguchi wa ku Japan, amene mu 2025 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell. Mayi akatenga pakati, maselo amenewa amasonkhana m'chiberekero. Mu 2004 akatswiri a ku Cambridge anachotsa Treg mwa mbewa, ndipo mabere a mphongo za mtundu wina sanakhazikike.

Chitetezo cha mayi sichigona

Pa zifukwa zitatu za Medawar, chija chakuti chitetezo cha mayi chimagona chinapezeka kuti si cholondola. Mayi wapakati akabayidwa katemera wa kafumbata ku sikelo, thupi lake limapanga maantibodi monga mwa nthawi zonse. Maantibodi amenewa amadutsa pa nsengwa n'kulowa mwa mwana, makamaka m'miyezi itatu yomaliza, ndipo amamuteteza m'masabata oyamba a moyo wake, pamene mchombo usanapole. Kutonthola kwa alonda kumachitika makamaka pamalo pamene nsengwa yagwira chiberekero.

Mpanda uja nawonso si wotseka kotheratu. Maselo ochepa a mwana amadutsa n'kukakhala m'thupi la mayi. Mu 1996 Diana Bianchi ndi anzake ku Boston anapeza maselo achimuna m'magazi a mayi amene anali atabereka mwana wamwamuna zaka 27 zapitazo. Mayi amakhala akunyamulabe kachigawo ka mwana wake ngakhale mwanayo atakula n'kumanga banja lake.

Pamene mgwirizano wavuta

Akuluakulu anati pakati ndi pakati pa moyo ndi imfa. Mgwirizano wa mayi ndi nsengwa ukapanda kuyenda bwino, mizu ija simalowa mokwanira, timitsempha timakhala tating'ono, ndipo nsengwa imasowa magazi. Ikatero imatulutsa zinthu zimene zimavulaza mitsempha ya mayi thupi lonse. Mimba ikapitirira masabata 20, magazi amayamba kuthamanga, kufika pa 140/90 kapena kuposerapo, ndipo mayi atha kukomoka n'kumaphupha ngati wa khunyu. Vutoli limakonda kugwira mimba yoyamba. Ashley Moffett wa ku Cambridge ndi Annettee Nakimuli wa pa yunivesite ya Makerere ku Uganda anafufuza amayi a pa chipatala cha Mulago ku Kampala, ndipo anaonetsa kuti chiopsezo chimadaliranso momwe maselo a NK a mayi akugwirizanirana ndi chiphaso chimene nsengwa yatengera kwa bambo. Mayi sadwala matendawa chifukwa chakuti walakwira mwambo kapena wadya chosayenera. Mutu wopweteka kwambiri, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, ndi kupweteka pansi pa nthiti ndi zizindikiro zoti athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Malungo nawonso anapeza pobisala. Mu 1996 Michal Fried ndi Patrick Duffy, pogwira ntchito kumadzulo kwa Kenya, anapeza kuti maselo ofiira a magazi amene alowedwa ndi tizirombo ta malungo amamatirira pa mtundu wina wa shuga umene umakuta nsengwa. Mu 2003 Ali Salanti ndi anzake ku Copenhagen anapeza ulimbo wake, puloteni yotchedwa VAR2CSA. Mayi wa mimba yoyamba amakhala alibe maantibodi olimbana ndi ulimbo umenewu, ngakhale anakulira kudera la malungo. Tizirombo timadzazana mu nsengwa, nthawi zina mayi osamva kutentha thupi. Mapeto ake mayi amachepa magazi ndipo mwana amabadwa wosalemera. N'chifukwa chake ku sikelo amapereka Fansidar mwezi ndi mwezi kuyambira pamene miyezi itatu yoyamba yatha, kosachepera katatu, pamodzi ndi neti yogonamo. Dziko la Malawi ndilo linayamba njira imeneyi mu 1993. Mayi amene akumwa kale cotrimoxazole tsiku ndi tsiku chifukwa cha HIV sayenera kumwanso Fansidar, choncho auzeni anamwino mankhwala onse amene mukumwa.

Khansa, mwana wa m'nyumba amene wasanduka

Khansa imayamba pamene selo limodzi la thupi lathu lomwe lawonongeka chibadwa n'kuyamba kuchulukana mosalekeza. Zimenezi zimachitika chifukwa cha fodya, mowa, tizirombo tina, ukalamba, ndipo nthawi zina popanda chifukwa chooneka. Selo lotere limayamba kuonetsa zizindikiro zachilendo, ndipo alonda a m'thupi amatha kulizindikira n'kulipha lisanakule. Umboni wake tinauona ndi maso m'midzi yathu. Khansa ya Kaposi, ija ya mabala akuda pa miyendo ndi m'kamwa, inachuluka pamene HIV inafooketsa chitetezo cha anthu. Kachirombo kamene kamayambitsa Kaposi anakapeza mu 1994 ndi Yuan Chang ndi Patrick Moore ku New York. Anthu ambiri ali nako koma sadwala, chifukwa alonda awo ali maso. Munthu wa mabala ochepa akayamba ma ARV, chitetezo n'kubwerera, mabala aja nthawi zambiri amachepa.

Choncho khansa imene yakula kufika pokhala chotupa ndi imene yapeza njira yodutsira alonda. Kalekale mu 1902, John Beard wa ku Edinburgh anaona kuti khansa imachita zinthu ngati nsengwa: imakula msanga, imalowa m'minofu yoyandikana nayo, ndipo imadzikokera mitsempha ya magazi. Mankhwala amene iye anaganizira sanathandize odwala, koma kufanana kumene anaona kunadzatsimikizika patapita zaka pafupifupi 100. Mu 1998 akatswiri a ku Paris anapeza chiphaso chija cha HLA-G pa khansa ya khungu yotchedwa melanoma. Mu 2003 akatswiri a ku Brussels anapeza IDO m'zotupa za mitundu yambiri. Zotupa zambiri zimanyamulanso PD-L1 yogwirira mabuleki, ndipo zimaitana maselo a Treg kuti azizitchinjiriza.

Chifukwa chake si chovuta kumvetsa. Pafupifupi selo lililonse la thupi lili ndi malangizo onse a chibadwa, kuphatikizapo aja amene anagwira ntchito tili m'mimba, amene anatsekedwa titabadwa. Selo la khansa limatsegula malangizo akalewo. Kusiyana kwake n'kwakuti nsengwa ili ndi malire. Imalowa m'khoma la chiberekero mpaka pamene iyenera kulekezera, ndipo miyezi 9 ikakwana imatuluka. Khansa simalekeza, ndipo imayenda ndi magazi kukamera m'chiwindi, m'mapapo ndi m'mafupa.

Kufanana kumeneku kunaonekanso kudzera m'malungo. Mu 2015 Salanti, pamodzi ndi Mads Daugaard wa ku Vancouver, anapeza kuti ulimbo uja wa VAR2CSA umamatiriranso pa maselo a khansa za mitundu yambiri, chifukwa nawonso amadzikuta ndi shuga wofanana ndi wa nsengwa. Iwo anamangirira mankhwala opha maselo pa ulimbowo, n'kuupereka kwa mbewa za khansa, ndipo zotupa zinachepa. Tisamve molakwa: kudwala malungo sikuchiza khansa. Akatswiriwa anagwiritsa ntchito puloteni imodzi yopangidwa m'nyumba zofufuziramo, osati tizirombo ta malungo.

Mankhwala omasula mabuleki

Ngati khansa imagwira mabuleki a alonda, kodi sitingawamasule? Tasuku Honjo wa ku Kyoto anapeza PD-1 mu 1992. James Allison wa ku America anaonetsa mu 1996 kuti kumasula buleki ina yotchedwa CTLA-4 kumathandiza mbewa kugonjetsa zotupa. Mankhwala oyamba a mtundu umenewu, ipilimumab, analoledwa ku America mu 2011, ndipo pembrolizumab ndi nivolumab anatsatira mu 2014. Akatswiri awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2018. Mtsogoleri wakale wa dziko la America, Jimmy Carter, anapezeka mu 2015 ndi melanoma imene inali itafika m'chiwindi ndi mu ubongo. Anachitidwa opaleshoni, anawotchedwa ndi makina, ndipo analandira pembrolizumab. Iye anakhala ndi moyo mpaka mu 2024, pamene anamwalira ali ndi zaka 100.

Koma si onse amene amapindula. M'khansa za mitundu yambiri, amene mankhwalawa amawathandiza ndi ochepa poyerekeza ndi amene sawathandiza. Alonda omasulidwa mabuleki nthawi zina amatembenukira eni mudzi, n'kuvulaza matumbo, khungu, mapapo kapena chiwindi. Mayi wapakati sapatsidwa mankhwalawa mwachisawawa, chifukwa buleki yomweyo ndi imene ikuteteza mwana. Mankhwala oletsa IDO otchedwa epacadostat, amene ambiri ankawadalira, analephera pa kafukufuku wamkulu wa odwala melanoma mu 2018. Mtengo wake nawonso ndi wokwera kwambiri, ndipo m'zipatala zathu za kumidzi sapezeka. Tikunena zimenezi kuti munthu wina asadzakunamizeni pamsika ndi botolo la mankhwala akuti "okweza chitetezo" n'kumati amachiza khansa. Amalonda otere amadya ndalama za mbatata ndi chimanga chanu, uku chotupa chikukula.

Khansa yochokera ku nsengwa

Nthawi zina dzira limasokonekera pachiyambi pomwe, ndipo m'malo mwa mwana mumamera nsengwa yokhayokha yokhala ngati timatuza ta mphesa. Achipatala amaitcha mola. Mu mola yathunthu, chibadwa chonse chimakhala cha bambo. Mayi amasiya kusamba, mkodzo umaonetsa kuti ali ndi pakati, koma amataya magazi m'miyezi yoyambirira, amasanza mopitirira, ndipo mimba imatha kukula msanga kuposa miyezi yake. Kumudzi nkhani yotere imadanitsa anthu, ena n'kumati mwana wachotsedwa m'matsenga. Palibe amene wachotsa mwana. Mwanayo sanapangike kuyambira pachiyambi.

Amayi ambiri amachira chiberekero chikayeretsedwa kuchipatala. Mwa ena ochepa, maselo otsalira amapitiriza kukula n'kusanduka khansa imene imathamangira m'mapapo. Khansa imeneyi imatha kudzanso pambuyo popita padera kapena pobereka bwinobwino. Kale inkapha pafupifupi aliyense amene yamufalikira. Mu 1956 dokotala wina wobadwira ku China, Min Chiu Li, pamodzi ndi Roy Hertz ku America, anachiza mayi woyamba ndi mankhwala a methotrexate. Li ankayeza hCG, chinthu chomwe chija chimaonetsa mimba mu mkodzo, ndipo ankapitiriza mankhwala mpaka hCG itatheratu, ngakhale chotupa chitasiya kuoneka. Akuluakulu ake anamuchotsa ntchito poganiza kuti akuzunza odwala, koma pambuyo pake zinadziwika kuti iye ndiye ankalondola. Lero amayi oposa 90 mwa 100 alionse amachira akalandira chithandizo. Popeza khansa imeneyi ili ndi PD-L1 wambiri monga nsengwa, mu 2017 madokotala a ku London anapereka pembrolizumab kwa amayi 4 amene mankhwala ena onse anawakanika, ndipo 3 anachira.

Choncho mayi amene wauzidwa kuti mimba yake inali mola azibwerera kuchipatala pa masiku onse amene wapatsidwa, ndipo alere mpaka achipatala atamulola kutenganso pakati. Mimba yatsopano imakweza hCG, ndipo dokotala sangathe kusiyanitsa mimba ndi khansa. Abambo, apa m'pofunika kudekha kwanu.

Khomo la chiberekero: pamene tingachitepo kanthu

Khansa imene imagwira amayi ambiri kuposa ina iliyonse kuno ku Mozambique ndi kutsidya ku Malawi ndi ya khomo la chiberekero. Imayamba ndi kachirombo ka HPV, kamene kamafala pogonana. Harald zur Hausen wa ku Germany analandira mphoto ya Nobel mu 2008 chifukwa chotulukira zimenezi. Anthu ambiri amakatenga nthawi ina m'moyo wawo, ndipo mwa anthu 9 pa 10 alionse chitetezo chimakachotsa pasanathe zaka ziwiri. Kakakhalitsa, kamachepetsa chiphaso cha HLA pa maselo amene kalowa, kuti maselo a T asaone kuti mkati muli mdani. Kwa mayi wa chitetezo chabwino pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti khansa ipangike. Kwa mayi wa chitetezo chofooka zimatha kutenga zaka 5 mpaka 10 zokha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chochuluka ka 6 kuposa mnzake amene alibe.

Zaka zimenezi ndi mpata wathu. Katemera wa HPV amaphunzitsa alonda kuzindikira kachiromboka kasanalowe. Ku Malawi anayamba kumupereka dziko lonse mu 2019, ndipo kuno ku Mozambique mu 2021, kuyambira ndi atsikana a zaka 9. Katemerayu salepheretsa mtsikana kudzabereka. Kwa amayi akuluakulu pali kuyezetsa. Anamwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo malo amene ayamba kuwonongeka amayera. Malo otere amachizidwa mosavuta asanasanduke khansa. WHO imalangiza kuyamba kuyezetsa pa zaka 30, kapena pa zaka 25 kwa mayi amene ali ndi HIV. Kutaya magazi mutakhala malo amodzi ndi abambo, kutaya magazi pakati pa mwezi kapena mutasiya kale kusamba, ndi chikazi chamadzimadzi chonunkha si zinthu zochitira manyazi. Pitani mukaonetse.

Kodi mimba imayambitsa khansa?

Ena atawerenga zonsezi atha kuchita mantha. Mimba siyambitsa khansa ya bere kapena ya khomo la chiberekero, ndipo kuyamwitsa kumachepetsako chiopsezo cha khansa ya bere. Komabe khansa imatha kupezeka mwa mayi wapakati, pafupifupi pa mimba imodzi mwa 1,000. Vuto lake n'lakuti zizindikiro zimabisala. Chotupa cha m'bere timati ndi mkaka wauma, magazi timati ndi za mimba. Chotupa chimene chatha masabata awiri osachoka chiyenera kuonedwa ndi achipatala, ngakhale mayi ali ndi pakati kapena akuyamwitsa. Khansa zambiri zimatheka kuthandizidwa mimba ili pomwepo.

Amayi a ku Ulongwe, Domwe, Tsangano, Furancungo ndi midzi yonse ya m'malire, yambani sikelo mimba isanapitirire masabata 12. Ngati mumapita chipatala cha mbali ino ndi cha kutsidya, nyamulani khadi lanu paliponse kuti anamwino aone zimene anzawo analemba. Amene muli kutali ndi chipatala, pitani kuchidikiro masiku akayandikira. Amene muli pa ma ARV musadumphitse, chifukwa alonda omwewo ndi amene akukutetezani ku Kaposi ndi ku khansa ya khomo la chiberekero. Abambo, perekezani akazi anu ndipo lolani ana anu aakazi abayidwe katemera. Anamkungwi, azamba ndi mafumu, nkhani iyi ifike m'misonkhano yanu. Pamene simunamvetse, funsani anamwino kapena a APE a m'mudzi mwanu, pakuti safunsa anadya phula.